Ana Akaone Okha Malo a Mbiri

Caka ndi caka ana a sukulu a ku Ulaya amapita ku Auschwitz m'dziko la Poland, kumene boma la Hitler linapha anthu oposa miliyoni imodzi, ambiri mwa iwo Ayuda. Amapitako cifukwa coona ndi maso siciiwalika msanga.

Nanga ana a ku Chongwe? Tsoka la Ayuda silingafanizidwe ndi lina, komabe Zambia nayo ili ndi zipsera zake. Asilikali a Rhodesia anaponya mabomba pa msasa wa ZAPU ku Chikumbi mu 1978, naphwanya ulalo wa Chongwe mu 1979.

Okalamba amene anamva mabombawo akutha mmodzimmodzi. Aphunzitsi asazengereze. Atenge ana kupita nao pa ulalopo, aitane agogo akasimbe okha mpweya ukalipo.