Zibiya za mnyamata wa ngoma

Lachisanu lapitali pa msika wa Ulongwe ndinapeza bambo wina wachikulire akusokera mnyamata wovina ngoma zibiya. Chikopa cha mbuzi anali atachifufuta mpaka kufewa, n'kuchilezaleza timizere, ubweya wonse kuloza pansi kuti wovina akaponda nthaka chizigwedezeka pamodzi ndi iye. Pambali panali mthini ndi nthenga za nyoni zodikira kumangidwa. Ntchito imeneyi ndimailemekeza, chifukwa masiku ano magulu ambiri akaitanidwa kukavina pamaso pa akuluakulu a boma amangothamangira pa kaunjika, n'kudula jekete laubweya wa pulasitiki, basi ati Mngoni wavala. Kuno ku Angónia sitiyenera kutero, pakuti pa phiri la Domwe ndi pamene Angoni a Maseko anakhazikika atabwerera kuchokera ku Songea cha m'ma 1870, ndipo mfumu yawo Chikuse analamulira ali komweku, malire asanatilekanitse ndi abale athu a ku Ntcheu ndi Dedza. Sindikunena kuti tiphe akambuku kuti tipeze zikopa. Mbuzi ndi ng'ombe zikukwanira. Koma okonza zikondwerero aziika pambali ndalama ya wosoka zikopa monga amachitira ndi ya galimoto ndi chakudya, ndipo azimuuza kudakali miyezi, pakuti chikopa sichifufutika usiku umodzi.