Musanamizidwe ndi 1300cc ya Mazda RX-8

Aphunzitsi anzanga, ndi inu ana athu amene tsopano mukuitanitsa magalimoto ku Japan: mukaona Mazda RX-8 yotchipa, pepala likuti 1300cc, musaganize kuti izimwa petulo ngati kagalimoto kakang'ono. Ili ndi injini ya rotary, ndipo ludzu lake si matenda oti makaniko angachize. Ndi chibadwa.

Injiniyi anaitulukira Felix Wankel wa ku Germany, ndipo yoyamba inalira mu 1957 ku kampani ya NSU. Mulibe mapisitoni okwera ndi kutsika. Muli chitsulo cha makona atatu, chotchedwa rotor, chimene chimazungulira m'chibowo chooneka ngati khoko la mtedza wa njere ziwiri.

Nkhani yagona pa maonekedwe a malo amene petulo amapsera. Mu injini ya pisitoni, mpweya ndi petulo zimapanikizidwa pakamalo kamodzi kozungulira, pulagi ili pomwepo. Mu rotary malowo ndi aatali, opyapyala ngati mwezi wongooneka kumene. Thirani phala lina m'kapu, lina pa mbale yotambalala. Lizizira msanga ndi liti? Ndi zomwezo. Moto umakhudza chitsulo chambiri, ndiye kutentha kumene kukanakankha rotor kumangothera m'zitsulo ndi m'madzi oziziritsa injini. Petulo mwagula, koma wagwira ntchito yotenthetsa madzi. Ife timavutika chaka ndi chaka kufotokoza surface area to volume ratio ndi timabokosi ta pabolodi, chonsecho chitsanzo chabwino chili apa. Ine ndikuti tizichigwiritsa ntchito.

Komanso malo opserawo sakhala phee, amayenda moto uli mkati moyaka. Lawi limakanika kufika kumchira kopanikizika, choncho petulo wina amatuluka ku ekizozi asanapse. N'chifukwa chake Mazda anaika mapulagi awiri pa rotor iliyonse. Tizitsulo totseka mpweya ta m'makona atatu aja nato tikayamba kutha timadontheza mphamvu, ndipo kuti tisaperepeseke injini imathiridwira oilo dala m'kati momwemo, n'kumapsa limodzi ndi petulo.

Nanga 1300cc ija? RX-8 ili ndi ma rotor awiri a 654cc. Rotor iliyonse imaphulitsa petulo kamodzi shafiti ikazungulira kamodzi, pamene silinda ya galimoto wamba imaphulitsa kamodzi shafiti ikazungulira kawiri. Werengani nokha: imapuma ngati injini ya pisitoni ya 2600cc.

Sindikunyoza ayi. Ndi injini yaing'ono, yopepuka, yosanjenjemera, ndipo Mazda 787B inapambana nayo mpikisano wa Le Mans mu 1991. Koma mafuta atakwera mtengo mu 1973, ogula ku America anaithawa, kampani ya Mazda n'kutsala pang'ono kugwa. RX-8 anasiya kuipanga mu 2012. Pamene rotary inabwereranso mu 2023, mu MX-30 R-EV, sanaipatsenso ntchito yoyendetsa mateyala. Anangoisiyira yopukusa jenereta ya magetsi.