Mwana mmodzi, mayeso a mayiko awiri

Sabata yatha achimwene anga ena a kuno ku Chifunde anandipeza ndi mapepala awiri a mwana wawo wamkazi. Mtsikanayu anaphunzira sekondale ku Zambia, kumene ankakhala ndi azakhali ake, ndipo analemba Grade 12. Chaka chomwecho bambo ake anamulembetsanso kuno ngati aluna externa kuti alembe mayeso a 12ª classe. Ankati khomo lina likatseka, lina litseguka. Zotsatira zake: ku Zambia Chingerezi anapeza 7, kuno Chipwitikizi anapeza 8. Biology ndi Chemistry anakhoza bwino mbali zonse.

"Aphunzitsi, ndiye kuti yunivesite yatha?"

Ndinawayankha kuti ayi, koma ndinawauzanso mosabisa kuti maganizo awo aja ndiwo anamulemetsa mwana. Ndikulemba pano chifukwa mabanja ambiri amene timadutsa pa Cassacatiza timaganiza chimodzimodzi.

Choyamba, manambalawa amayenda mosiyana, ndipo makolo ambiri amasokonezeka. Kuno nota imayambira pa 0 kufika pa 20, ndipo wakhoza ndi amene wafika pa 10. Ku Zambia ndi ku Malawi magiredi amayambira pa 1 kufika pa 9, ndipo 1 ndiye wapamwamba. Credit imathera pa 6. Achimwene aja anaona 7 n'kumati si zoipa kwenikweni. Koma University of Zambia imafuna ma credit asanu, limodzi mwa iwo likhale la Chingerezi. Ku Malawi mayunivesite a boma amafuna ma credit asanu ndi limodzi a MSCE, Chingerezi chili momwemo. Choncho 7 wa Chingerezi amatseka khomo ngakhale sayansi itawala bwanji. Akanakhala 7 wa phunziro lina losafunika pa kosi imene akufuna, sindikanataya naye tulo.

Kuno kwathu nkhani ili pena. Ku Universidade Eduardo Mondlane kapena ku UniZambeze, imene faculdade yake ya zaumoyo ili mumzinda wa Tete, munthu amalemba exame de admissão. Wofuna udokotala ku UEM amalemba Biologia ndi Química. Mpikisano weniweni uli pa mayeso amenewo, ndipo wa nota yapakatikati ku 12ª akhoza kupitirira mnzake amene anali woyamba m'kalasi. Izi ine ndimazikonda, chifukwa zimapatsa mwana mwayi wachiwiri. Koma satifiketi ya 12ª iyenera kukhalapo, ndipo mafunso onse amabwera m'Chipwitikizi. Mtsikana wathuyu maselo a thupi amawadziwa m'Chingerezi. Mukamufunsa zomwezo m'Chipwitikizi amangoyang'ana kudenga.

Ku America kuli dongosolo lotchedwa dual enrollment, pamene mwana wa sekondale amatengako phunziro la ku koleji. Akalephera, giredi imakhala pa mbiri yake ya ku koleji, ndipo mayunivesite amapempha kuona mapepala onse. Komabe kumeneko mwana amaphunzira zonse m'chilankhulo chimodzi, sukulu ziwirizo zikudziwana. Ife timatuma mwana kukalemba masilabasi awiri osadziwana, m'zilankhulo ziwiri zimene palibe chimene amalankhula pakhomo, mayeso onse akugwera kumapeto kwa chaka. Ndiye timadabwa kuti wagwa pa zilankhulo zomwezo?

Ena mundiuza kuti kumalire kuno munthu ayenera kukhala ndi mapepala a mbali zonse, chifukwa sudziwa kumene ntchito idzapezeke. Ndikumva, ndipo inenso abale anga ali uku ndi uko. Koma pepala la Grade 12 labwino lingathe kupemphedwa equivalência kuno, mwana n'kulemba nawo mayeso olowera. Njirayo imadya nthawi ndi ndalama za ulendo, sindikana. Imaposabe kukhala ndi mapepala awiri opunduka.

Achimwene aja anafunsanso ngati tingabise pepala limodzi. Palibe chobisa apa. Pepala la ku Zambia silikwanira ku Lusaka, la kuno silinathe. Chofunika n'kusankha limodzi ndi kulikonza.

Tinamuitana mwiniwake, amene nthawi yonseyi anali panja akusenda chinangwa ngati nkhaniyo si yake. Ndinamufunsa kuti akamawerenga yekha usiku, mutu wake umaganiza m'chilankhulo chiti. Anati Chinyanja, kenako Chingerezi. Chipwitikizi anachisiya ali wamng'ono. Bambo ake ankafuna Tete chifukwa ndi pafupi ndi kwathu, koma iye anasankha kubwerera kwa azakhali ake kukalembanso Chingerezi chokha pa mayeso a GCE. Achimwene sanakondwe kwenikweni, koma ndalama ya basi anapereka, ndipo Lolemba mtsikanayo ananyamuka ndi buku langa lakale la galamala m'chikwama.