Anyamata Othamanga ndi Mapiritsi a Mavitamini

Mwezi wathawu bambo wina anandipeza kusukulu atanyamula kabotolo m'manja. Mwana wake, amene ndinamphunzitsa ali mu Sitandade 6, tsopano ndi katswiri wa mpikisano wothamanga kusekondale, ndipo anali kuumirira kuti azimgulira mapiritsi a vitamini C ndi E. Mtengo wake unaposa ndalama ya ndiwo ya sabata lathunthu. “Aphunzitsi,” anatero bamboyo, “kodi ndikamkaniza ndimlakwira?”

Tiyeni tiyambe ndi chimene ogulitsa amanena, pakuti sikuti chonse ndi bodza. Munthu akathamanga kwambiri, minofu yake imagwiritsa ntchito mpweya wochuluka, ndipo m'menemo mumabadwa tizinthu taukali totchedwa free radicals. Tikachuluka timawononga maselo a m'thupi monga mmene dzimbiri limadyera khasu losiyidwa pamvula. Mavitamini C ndi E amatha kuziziritsa ukali umenewo.

Koma thupi si khasu. Khasu silidziŵa kudziteteza, pamene thupi likamva tizinthu timeneti limawonjezera zida zakezake zotetezera, ndiponso limakulitsa mphamvu za minofu. Ndiye kuti ukali pang'ono umene timauopawo ndi mthenga wouza thupi kuti likhwime. Ukamtsekereza mthenga panjira, uthenga sufika.

M'chaka cha 2009 Michael Ristow ndi anzake ku Jena, m'dziko la Germany, anachititsa anyamata maseŵero olimbitsa thupi kwa masabata 4. Ena ankamwa mamiligalamu 1,000 a vitamini C tsiku lililonse pamodzi ndi vitamini E, ena sanamwe. Amene sanamwe, matupi awo anayamba kugwiritsa bwino ntchito shuga wa m'magazi, koma amene anamwa sanalipeze phindu limeneli. Mu 2014 Gøran Paulsen wa ku Norway anayesa othamanga kwa masabata 11: mapiritsi sanawonjezere liŵiro la munthu aliyense, ndipo zizindikiro zina za kukhwima kwa minofu zinachepa.

Munthu wamkulu amasoŵa mamiligalamu osafika 100 a vitamini C patsiku. Gwafa mmodzi wamkulu akwaniritsa muyeso umenewu, ndipo ana athu amaponyerana magwafa pobwera kusukulu! Malambe, mapapaya ndi malalanje alinso nayo. Vitamini E ali mu mtedza umene amayi amatendera nkhwani.

Sindikunena za mwana wodwala. Mtsikana wothamanga amene akutopa msanga, kupuma mwaŵefuŵefu ndi kuyera m'maso, mwina magazi achepa. Ameneyo apite kuchipatala akapimidwe, ndipo mankhwala amene ampatse amwe mokhulupirika.

Bambo uja ndinamuuza kuti ndalamayo agulire mazira ndi usipa, ndipo mnyamatayo azigona msanga. Anabweza kabotolo kusitolo, koma ndamva kuti mwanayo sanakondwere nane.