Kutuluka m'chipatala sindiko kuchira

Amalume anga anagonekedwa m'chipatala mu Julaye 2021, pamene COVID-19 inavuta kwambiri kuno ku Tete. Anakhala masabata awiri akupumira mpweya wa okosijeni. Tsiku limene anatuluka tinapha nkhuku, amayi anaimba nyimbo za kutchalitchi, tonse tinati zatha. Koma mvula itagwa, munthu amene kale ankagwira khasu kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa pamutu ankangolima mizere itatu n'kukhala pansi, ali wefuwefu ngati wathamanga. Ena pamudzi anati azolowera kudyetsedwa. Ena anati alodzedwa chifukwa cha malire a munda. Ine ndemwe ndinawaganizira ulesi, ndipo lero ndikakumbukira ndimachita manyazi.

Ndikulemba kuti inu musalakwe monga ndinalakwira ine. Chipatala chikamutulutsa munthu, chikutanthauza kuti ngozi ya imfa yadutsa. Mphamvu zimabwera pambuyo, mwina patapita miyezi.

Tizilombo ta COVID-19, fuluwenza ndi RSV tikatsikira m'mapapo timatupitsa timatumba tating'ono timene timalowetsa mpweya m'magazi. Kachilombo kakatha, kutupako kumachedwa kuphwa, ndipo kwa ena kumasiya zipsera. Komanso munthu akagona pabedi masabata awiri osayenda, osadya bwino, minofu imafota. Ku Wuhan, m'dziko la China, madokotala anatsatira anthu 1,733 amene anatuluka m'chipatala mu 2020. Patapita miyezi 6, oposa theka anali akutopabe kapena kufooka minofu. Mu Okutobala 2021, bungwe la WHO linalongosola vutoli kuti ndi zizindikiro zimene zimaoneka patatha miyezi 3 munthu atadwala COVID-19, n'kukhala miyezi 2 kapena kuposa: kutopa, kubanika, kuiwalaiwala. Pa 5 Meyi 2023 bungweli linalengeza kuti COVID-19 sinalinso ngozi yadzidzidzi ya dziko lonse, koma tizilomboti sitinachoke, ndipo nyengo yozizira ya Juni ndi Julaye chimfine chimagonekabe anthu.

Pali zizindikiro zina zimene sizofunika kudikira nazo. Matendawa amalemetsa mtima ndipo amatha kuundanitsa magazi m'mitsempha. Mwendo umodzi ukatupa n'kumapweteka, pachifuwa pakamabaya, kapena munthu akayamba kubanika mwadzidzidzi ali chikhalire, mutengereni kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale usiku. Achikulire ndi amene ali ndi shuga kapena BP ayang'aniridwe kwambiri.

Chifuwa nachonso tisachizolowere. Tamva anthu akuti, "N'chotsalira cha matenda aja." Mwina n'zoona, koma kwathu kuno TB ndi yambiri, makamaka pakati pa amene ali ndi kachilombo ka HIV. Kutsokomola kukapitirira masabata awiri, kapena munthu akamaonda ndi kutuluka thukuta usiku, akapereke makhololo. Kuyezetsa ndi mankhwala a TB n'zaulere m'zipatala za boma.

Amayi, mwana amene anagonekedwa ndi chibayo ali wakhanda nthawi zina amamveka ngati likhweru m'chifuwa akangogwidwa chimfine. Musamubereke pophika m'khitchini yodzaza utsi wa nkhuni. Abambo nawo fodya azikasutira panja.

Pempho langa kwa a zaumoyo ndi ili: wodwala wotere asamatuluke ndi mapiritsi okha. Alembereni tsiku lobweranso, ndipo amene akumudwazika auzidwe m'Chinyanja zoyenera kuyang'ana, osati m'Chipwitikizi chokha. Ndikudziwa kuti anamwino ndi ochepa ndipo mzere ndi wautali, koma mawu amenewa satha mphindi zisanu. Inunso abale, funsani musanatuluke pageti, sungani pepala lotulukira, ndipo mukafika kumudzi muonetseni APE wa m'dera lanu.

Wina anena kuti munda sudikira wodwala, ndipo sakunama. Chimanga chikachedwa kubzala, njala imalowa m'nyumba momwemo. Koma kumukakamiza wofooka kumangomubwezera pamphasa. Ayambe ndi kuyenda pang'ono pabwalo, mawa mpaka pachitsime, akatopa apume, ndipo adye nyemba, mtedza, mazira kapena usipa kuti minofu ibwerere. Munda wakewo, kodi dima linapita kuti? Chaka chimenecho azakhali anaphika thobwa, anyamata a pampingo anabwera ndi makasu, ndipo munda wa amalume unatha masiku awiri. Iwo anakhala pansi pa mtengo wa mango n'kumaloza pamene mizere yakhota. Khasu anadzaligwiranso bwinobwino chaka chotsatira, ngakhale mpaka pano chitunda cha kuchigayo amachikwera akuima kawiri.