Theka la ola ampatsa, nanga mwanayo ali kuti?

M'chaka cha 2021 aphungu a Nyumba ya Malamulo anakonzanso lamulo loona za ntchito, lija linakhazikitsidwa mu 2000, ndipo anaikamo zinthu zimene ambirife tinaombera m'manja. Bambo amene mkazi wake wachira tsopano ali ndi tchuthi cha masabata awiri. Mayi woyamwitsa ali ndi ufulu wosiya kaye ntchito kwa theka la ola, kawiri pa tsiku, kuti ayamwitse mwana wake kufikira atakwanitsa miyezi 6. Papepala mawuwa ndi okoma zedi. Koma pali funso limene aphunguwo analisiya m'malere, ndipo olemba anthu ntchito akulizemba mwadala. Theka la ola lija likakwana, mwanayo amakhala ali kuti?

Tiyeni tiganize za mayi wogulitsa m'sitolo pa boma pa Ntcheu. Nyumba zoyandikira msewu waukulu wa M1 sangazikwanitse, choncho amachita lendi kutali, mtunda wa mphindi 20 pa miyendo. Bwana wake ndi munthu womvera malamulo, ndipo nthawi ikakwana amamuuza kuti, "Pitani mukayamwitse, mayi." Apite, abwere, mphindi 40 zatha asanamasule n'komwe nsalu. Akwere kabaza kanayi pa tsiku? Malipiro ake athera m'thumba la wakabaza mwezi usanafike pakati. Mapeto ake mayiyo amangokhala pakauntala, mkaka ukunyowetsa bulauzi, mwana ali kunyumba akumwetsedwa phala lamadzi. Ufulu ali nawo, ndipo bwana sanaphwanye lamulo lililonse. Chimene chasowa ndi kachipinda kamodzi kokha pafupi ndi pantchito.

Masamu ake ngosavuta. Lamulo limapatsa mayi tchuthi cha masabata 8 akabereka, ndipo tchuthi cholipidwacho chimabwera kamodzi pa zaka zitatu. Ogwira ntchito m'boma ali bwinoko, chifukwa amalandira masiku 90. Bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO linanena mu 2000 kuti tchuthichi chisachepere masabata 14, koma ife tikadali pa 8. Tsono mayi yemweyo akapita kusikelo, anamwino amamulangiza mwamphamvu kuti ayamwitse mwakathithi miyezi 6, osapatsa mwana ngakhale madzi. Miyezi 6 ndi masabata 26. Chotsanipo 8, atsala masabata 18 amene boma likulamula ndi pakamwa pa unduna wa zaumoyo koma osawakonzera njira ndi dzanja la unduna wa zantchito. Khanda la miyezi iwiri likayamba phala, chotsatira aliyense amachidziwa: kutsegula m'mimba, kunyentchera, kugonekedwa m'chipatala. Ndipo pamenepo mayi uja amajomba sabata yathunthu, bwana n'kumadandaula kuti akazi ngovuta kuwalemba ntchito.

Komabe ntchito zikuyenda. Aphunzitsi akuphunzitsa ku Kasinje, ku Senzani ndi ku Nsipe. Anamwino akugwira usiku. M'mabanki, m'malesitilanti ndi m'malo omwetsera mafuta muli amayi a ana aang'ono. Ndiye kuti alipo wina amene akulera anawo. Ndani? Tisanamizane, tonse timamudziwa. Ndi kamtsikana ka zaka 11 kapena 13 kotengedwa kumudzi, kamene timakatchula kuti mlezi. Pokatenga, mawu amakhala amodzimodzi: "Mundipatseko mwanayu azikandigwirira khanda, ine ndikamuphunzitsa sukulu." Makolo ake, poona kuti pakhomo pachepa pakamwa pamodzi, amavomera. Sukulu ija imayamba ndi kujomba Lolemba, kenaka sabata, kenaka teremu, mpaka yunifolomu isanduka chovala chochapira matewera. Maphunziro a pulayimale anakhala aulere mu 1994, ndipo lamulo la maphunziro la 2013 linati ndi okakamiza. Lamulo la ntchito limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, koma linasiya khomo lotsegula ponena kuti chiletsocho sichikhudza ntchito za m'nyumba. Pakhomo limenelo ndi pamene pakudutsa atsikana athu.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Olemba anthu ntchito amakonda kunena kuti za kunyumba zizitsala kunyumba, pantchito ndi pantchito. Zoona zake n'zakuti mphunzitsi sakanaima kutsogolo kwa ana a Sitandade 5 pakanapanda wina womugwirira mwana wake. Kulera kumeneko ndi gawo la mtengo wa ntchitoyo, monga momwe alili choko ndi bolodi. Choko boma limagula. Kulerako limangolandira kwaulere, ndipo amene akulipira ndi mtsikana amene anayenera kukhala pa desiki m'kalasi momwemo. Mayi wamtenga mleziyo sindimuweruza ayi. Malipiro ake sangalembe munthu wamkulu, ndipo sangasiye khanda lokha m'nyumba. Mlandu uli kwa amene akudya phindu la ntchito ya mayiyo kwinaku akupukuta pakamwa.

Ena adzati izi n'zachizungu, kwathu kuno mwana amaleredwa ndi mudzi. Kuno ku Ntcheu, kumene mabanja ambiri ndi achikamwini, mkazi amakhala pakati pa abale ake: amayi ake ali apo, achemwali ake ali apo, agogo ali pakhonde. Izi n'zoona kwa mlimi amene akulima munda wa makolo ake. Koma namwino wa ku Karonga amene boma lamutumiza ku Ntcheu sanabwere ndi mudzi wake m'chikwama. Amene anamuchotsa pakati pa abale ake ndi kalata ya ntchito, ndipo wolemba kalatayo ndiye ayenera kubweza chimene anachotsa. Ngakhale kwa eni dera, agogo a lero sali pakhonde. Ali pamsika wa Lizulu kuyambira m'bandakucha, akuthamangira mabasi ndi beseni la tomato, ndipo ambiri analera kale adzukulu amasiye m'zaka zija Edzi inkakolola makolo. Mwambi uja wakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe mabwana amaudziwa bwino. Amangoiwala kuti mnzako wotchulidwa mmenemo angakhalenso wantchito wawo.

Enanso adzaloza sukulu za mkombaphala. Zilipo ndithu, ndipo kuyambira pamene boma linakhazikitsa ndondomeko ya maleredwe a ana aang'ono mu 2003 zafalikira m'midzi yambiri. Amayi ndi abambo amene amaphunzitsamo, ambiri a iwo mongodzipereka, ndi oyenera ulemu. Koma sukuluzi zimalandira makamaka ana a zaka zitatu mpaka zisanu, ndipo dzuwa likafika paliwombo ana aweruka. Khanda la miyezi itatu lilibe malo kumeneko. Namwino wolowa usiku sizimuthandiza kanthu.

Palinso tsiku lija limene kholo lililonse logwira ntchito limaliopa: mlezi wadwala, kapena wathawa usiku, kapena amuitana kumudzi kuli zovuta. Ndi 6 koloko m'mawa, ntchito iyamba 7:30. Mayi amagogoda kwa aneba, amaimba foni uku ndi uku, ndipo zikakanika amasankha pakati pa kujomba ndi kubereka mwana kumbuyo n'kupita naye kumene akudziwa kuti akamuyang'ana ndi diso lofiira. Chodabwitsa n'chakuti malo antchito a m'Malawi muno amadziwa kukonzekera zadzidzidzi. Wantchito akamwalira, kapena mkazi wake, kapena mwana wake, m'maofesi ambiri zonse zinalembedwa kale: bokosi ligulidwa, galimoto iperekedwa, mafuta athiridwa mpaka kumudzi. Palibe bwana amene amati maliro ndi za kunyumba. Ndi mwambo wabwino ndipo usathe. Koma taganizani: bokosi la mwana wa wantchito lili mu bajeti, pamene mphasa yoti mwana yemweyo agonepo ali moyo mulibe. Ndalama za misonkhano ya kunyanja, ndi ma alawansi ake, sindinenako. Zimenezo zimapezeka ngakhale chaka cha njala.

Maiko ena osauka ngati ife anayesapo. Ku India, lamulo la 2005 lopatsa anthu a kumidzi ntchito zachitukuko linalamula kuti pamalo pogwirira ntchito pakakhala ana aang'ono asanu kapena kuposerapo, mmodzi mwa amayi apatsidwe udindo wowasamala, ndipo alandire malipiro ofanana ndi a anzake okumba. Mu 2017 dziko lomwelo linalamula kuti malo alionse olemba anthu 50 kapena kuposerapo akhale ndi posungira ana. Chaka chomwecho dziko la Kenya linaika m'lamulo lake la zaumoyo kuti olemba ntchito akonze chipinda cha amayi oyamwitsa. Si kuti malamulowa anatsatidwa paliponse, koma wantchito anapeza poimira pokangana ndi bwana. Phunziro lina likuchokera ku Chile, kumene kwa zaka zambiri lamulo linkakakamiza kampani yokhala ndi akazi 20 kulipira posungira ana. Mabwana ochenjera anaphunzira kuwerenga: akafika pa mkazi wa nambala 19, ankayamba kulemba amuna okhaokha. Choncho lathu, tikadzalilemba, liwerenge antchito onse, amuna ndi akazi. Mwana ali ndi bambo, ndipo mlonda wa pachipata naye ndi kholo.

Ndikudziwa yankho limene likubwera: tikatero tingosiya kulemba akazi. Kuopseza kotere n'kwakale, ndipo lamulo la 2000 linakuyankha kale. Limaletsa kusala munthu pantchito chifukwa choti ndi mkazi kapena chifukwa cha udindo wake wa pabanja, ndipo kuchotsa mayi ntchito chifukwa cha pathupi ndi mlandu. Komanso bwana wonena zimenezi ayambe waona amene akumugwirira ntchito. Zipatala zathu zaima pa anamwino ndi azamba, amene ambiri ndi akazi. Awachotse, aone ngati wodi ya amayi itsegulidwe mawa.

Nanga mtengo wake? Tisaopsezane ndi zithunzi za ku Ulaya za nyumba zamagalasi ndi zidole zamagetsi. Chofunika pa Ntcheu ndi chipinda choyera chokhala ndi zenera, mphasa ndi matiresi, ndowa ya madzi, sopo, neti yoteteza udzudzu, ndi amayi awiri akuluakulu ophunzitsidwa amene akulandira malipiro enieni pakutha pa mwezi. Mwini sitolo wa antchito anayi sangachite yekha, n'zoona, koma masitolo, mabanki ndi malo ogona alendo a pa boma ali pamsewu umodzi, ndipo akasonkherana chipinda chimodzi chiwakwanira onse. Kholo nalo likhoza kuponyapo kangachepe, poti ngakhale mlezi wa kumudzi uja amadya. Chipinda chomwecho chikhale ndi malo awiri kapena atatu osungira kholo limene zamuvuta m'mawa umenewo, ngakhale mwana wake sabwera masiku onse.

Kunja kwa maofesi ndiye kuli anthu ochuluka. Ku Tsangano, kumene kumachokera mbatatesi ndi kabichi zodyetsa Blantyre ndi Lilongwe, amayi aganyu amakumba ndi kunyamula matumba m'chisanu cha June ndi July, khanda lili kumbuyo kapena lagonekedwa pa nsalu m'mphepete mwa munda, nthawi zina munda umene wangopoperedwa mankhwala. Mlimi amene angathe kulemba aganyu 20 ndi kuitana lole angathenso kumanga chisakasa ndi kulipira mayi mmodzi tsiku la ganyu kuti ayang'anire ana. Pa ntchito za mthandizi, zimene khonsolo imayendetsa, n'zosavuta koposa: pagulu lililonse lokonza msewu kapena kukumba migula, dzina limodzi pa mndandanda likhale la wolera ana, monga anachitira ku India kuja. Sipafunika ndalama yatsopano, koma cholembera basi. M'misika ya Lizulu, Tsangano ndi Kampepuza amayi ogulitsa alibe bwana, komabe tsiku lililonse amadula tikiti ya khonsolo. Amene amatolera ndalama kwa mayi wokhala m'mphepete mwa msewu wodutsa malole, mwana wake akukwawa pafupi ndi phula, asanene kuti mwanayo sakumukhudza.

Mabungwe a antchito nawo amve. A TUM, a bungwe la anamwino ndi azamba, ndi a MCTU akamakumana ndi boma, mawu amene amatifika m'makutu kwambiri ndi a malipiro ndi kukwezedwa. N'zofunika, koma mphunzitsi wamkazi akalandira zowonjezerazo adzazipereka kwa wakabaza ndi kwa sing'anga wa ana. Nkhani ya posungira ana ilowe pa mndandanda wa zokambirana, ilembedwe m'mgwirizano wa ntchito pafupi ndi ndime ija ya bokosi ndi galimoto.

Ndipo woyamba akhale boma, pakuti m'boma la Ntcheu, la anthu oposa 650,000 malinga ndi kalembera wa 2018, palibe wolemba ntchito wamkulu kuposa ilo. Silingatume mlangizi wa zantchito kukafunsa mwini sitolo za chipinda choyamwitsira pamene maofesi ake enieni alibe. Pa likulu la boma pali maofesi a khonsolo, apolisi, chipatala chachikulu ndi sukulu zingapo, zonse moyandikana. Chipinda chimodzi chotsegula usana chikhoza kutumikira onsewa, ndipo cha kuchipatala chizitsegula ndi usiku womwe, chifukwa anamwino amasinthana madzulo pamene sukulu za mkombaphala zinatseka kalekale.