Mtedza ukamuwenga mwana, nyemba zalakwanji?

Ku Francisco Manyanga, monganso m'madera ena a mzinda wa Tete, mlandu wa chakudya umaweruzidwa pakhonde, ndipo suchedwa kutha. Mwana wadya phala lothira nsinjiro. Mphindi 20 zisanathe milomo yatupa, zikope zalemera, pamimba ndi m'khosi zidzolo zangoti mbwee, mwana akudzikanda uku akulira. Agogo amuyang'ana, anansi afika, chigamulo chaperekedwa: mwanayu mtedza umamuwenga, asadzaulawenso. Mpaka apa palibe cholakwika. Koma wina akukumbutsa kuti nyemba nazonso n'za m'makoko, zichoke. Wina akuwonjezera khobwe, wina nandolo, wina nzama ndi soya. Pofika madzulo m'mbale ya mwana mwatsala nsima ndi masamba owiritsa. Nanga nyemba zalakwanji? Ndipo zomanga thupi zimene tamulanda mwanayu adzazipeza kuti, pomwe nyama pakhomopo imaoneka kamodzi pa mwezi?

Chibale cha zakudyazi n'chenicheni. Mtedza, ngakhale umabereka pansi pa nthaka, uli m'banja limodzi ndi nyemba, khobwe, nandolo, nzama ndi soya. Ziwengo zimayamba pamene chitetezo cha m'thupi chaona puloteni ina ya m'chakudya n'kuiyesa mdani, ndipo puloteni yofanana nayo ikapezeka m'chakudya china, thupi limatha kulusanso. Mantha a agogo ali ndi maziko. Koma kufanana kumeneku kumasiyana kukula kwake. Mu 2001 Dr Scott Sicherer wa ku New York adasonkhanitsa zimene ofufuza adapeza pa nkhaniyi, ndipo pa banja la nyemba chiwerengero chidali chochepa zedi: mwa anthu 100 owengedwa ndi mtedza, pafupifupi 5 okha ndi amene amawengedwanso ndi chakudya china cha m'banjamo. Otsala 95 aja amadya nyemba bwinobwino. M'dziko lathu la Mozambique, momwe ana osakwana zaka zisanu 37 mwa 100 alionse ndi okwinimbira, malinga ndi kafukufuku wa zaumoyo wa 2022 mpaka 2023, kodi tingalole kuti ana 95 amanidwe ndiwo chifukwa cha ana 5? Ana 5 amenewo si otaya ayi, ayenera kudziwika, ndipo mwana amene mtedza udamubanikitsa ayenera kulawa nyemba koyamba achipatala akuona. Komabe kuletsa banja lonse la zakudya popanda wopima ndiko kusinthanitsa matenda amene mwina kulibe ndi njala imene ilipo ndithu.

Chodetsa nkhawa kwambiri n'chakuti pamene tiyenera kuopa ndi pamene timamasuka. Tete ndi kwawo kwa mbuzi, ndipo nyama yake imadziwika mpaka ku Maputo. Khanda likamasanza, kutuluka zidzolo kapena kutupa litamwa mkaka wa ng'ombe kapena wa m'chitini, malangizo amabwera msangamsanga: mum'patse wa mbuzi, ndi wofewa. Koma mapuloteni a mkaka wa ng'ombe, wa mbuzi ndi wa nkhosa ndi ofanana kwambiri, moti mwa ana 100 owengedwa ndi mkaka wa ng'ombe, oposa 90 amawengedwanso ndi wa mbuzi. Pamene nyama ya ng'ombe yomweyo imavuta ana pafupifupi 10 okha mwa 100 amenewa. Kodi ndi amayi angati amene adauzidwapo zimenezi kusikelo? Kodi ndani amene amawauza kuti kuthawira ku mkaka wa mbuzi ndi kuthawira komwe kuli ngozi? Apanso pamafunika kusiyanitsa. Munthu wamkulu amene akamwa mkaka m'mimba mumadzaza mpweya, kubangula n'kutsekula, kawirikawiri sakhala ndi ziwengo. Matumbo ake amalephera kugaya shuga wa mumkaka, zomwe n'zofala kwambiri pakati pa anthu a kuno ku Africa, ndipo ambiri otere chambiko amadya osavutika. Vuto limeneli limasautsa koma silitseka kukhosi. Ziwengo zenizeni zimatha kupha pa mphindi zochepa. Tikamazitchula ndi dzina limodzi, wina timamuopseza pachabe, wina timamupeputsira imfa.

Nsomba nkhani yake ili pakatikati, ndipo m'pamene mutu umauma. Pamsika wa Kwachena pali kapenta wa ku Cahora Bassa, pali pende wa mu Zambezi, pali chicoa wouma wamchere, palinso carapau wa m'mafiriji wochokera kunyanja yamchere. Maonekedwe ndi kukoma n'zosiyana, koma m'minofu ya nsomba zambiri muli puloteni yofanana yotchedwa parvalbumin, ndipo pafupifupi theka la anthu owengedwa ndi mtundu umodzi wa nsomba amawengedwanso ndi mtundu wina. Puloteniyi siifa ndi moto. Kuyanika, kuthira mchere, kukazinga mpaka kuuma gwa, zonsezi sizimupulumutsa munthu amene nsomba zimamuwenga, ndipo ena amabanika ndi nthunzi chabe ya mumphika. Koma tiyeni tifunsenso mbali inayo: munthu akafiira nkhope, mutu n'kuwawa, thupi n'kuyabwa atadya nsomba mu October, dzuwa litapitirira madigiri 40, kodi vuto ndi thupi lake kapena nsombayo? Nsomba zina za m'nyanja yamchere zikasungunuka n'kukhalitsa pakutentha zimadzaza ndi histamine, mankhwala omwewo amene thupi limatulutsa likamawengedwa, ndipo kuphika sikuwachotsa. Chizindikiro chake n'chosavuta: ngati anayi adya mbale imodzi ndipo atatu adwala, wofunika kufunsidwa ndi wogulitsa. Koma ndi angati amene adasiya nsomba moyo wawo wonse chifukwa cha carapau mmodzi wogona padzuwa?

Pali chibale china chimene maso sangachione. Nsomba ndi camarão zonse n'za m'madzi, koma pa nkhani ya ziwengo si pachibale. Abale a camarão ndi nkhanu, ndipo apa kufanana n'kwakukulu, pafupifupi 75 mwa 100. Puloteni yake, tropomyosin, imapezekanso mu mphemvu, mu tizilombo tosaoneka ndi maso tokhala m'fumbi la m'matiresi, ndi mu tizilombo tambiri timene timadya. Mvula yoyamba ikagwa timathamangira ngumbi, nthawi ya masika bwannoni ndi ziwala, ndipo mphalabungu ndi matondo ndi ndiwo zokondedwa. Ku Botswana ndi ku Zimbabwe madokotala adalembapo za anthu amene adawengedwa kwambiri ndi mbozi za mumitengo ya tsanya, mtengo womwewu umene uli paliponse m'chigwa cha Zambezi. Ndiye mnyamata wa mphumu amene ngumbi zimamuyabwitsa kukhosi, akapeza ntchito ku Beira anzake n'kumuikira mbale ya camarão, kodi alipo amene adamuchenjeza?

Taonaninso ana nyengo ya mango. Ambiri amakhala ndi tizilonda m'mbali mwa milomo ndi pachibwano, pamene utomoni udadontha akung'amba khungu la bango ndi mano. Mango ali m'banja limodzi ndi mbibu, umene kuno amautcha caju, komanso mfula ndi pistachio. Mozambique amaudziwa bwino mbibu: mu 1972 dzikoli lidagulitsa matani pafupifupi 216,000 ndipo lidali patsogolo padziko lonse, ndipo amayi oswa mbibu ku Nampula amadziwa momwe mafuta a m'chikamba chake amawaulira manja. Utomoni wa mango uli ndi mankhwala a mtundu womwewo, n'chifukwa chake khungu limene lidawengedwapo ndi limodzi limatha kuwengedwanso ndi linzake. Izi n'za pakhungu, zimaoneka patapita maola ambiri kapena tsiku, ndipo ambiri otere amadya bango losenda ndi mpeni popanda vuto. Njere ya mbibu ndi ina: ikamuwenga munthu imamugwira mwamphamvu, ndipo pistachio nayenso ayenera kumupewa. Mbibu si m'bale wa mtedza, komabe mwa owengedwa ndi mtedza pafupifupi mmodzi mwa atatu amawengedwanso ndi njere za mitengo ngati zimenezi. Tikuletsa nyemba zimene mwina n'zosalakwa, kenako paphwando la ukwati tikum'patsa mwana yemweyo mbibu wokazinga. Nzeru yake ili pati?

Ngakhale chinangwa chili ndi m'bale wosayembekezeka, mtengo wa labala. Ofufuza a ku Brazil adaonetsa kuti anthu ena owengedwa ndi magulovu a labala amawengedwanso ndi chinangwa, ndipo ena amavutika ndi nthochi kapena mapeyala. Amene amavala magulovu tsiku ndi tsiku ndi anamwino athu omwe. Ku Eastern Cape, m'dziko la South Africa, mu 2018 adalemba za anthu ambiri a m'midzi amene nyama ya ng'ombe, ya mbuzi, ya nkhosa ndi ya nkhumba imawawenga patapita maola angapo atadya, vuto limene limagwirizana ndi kulumidwa ndi nkhupakupa, pomwe nkhuku ndi nsomba amadya bwino. M'chigawo cha abusa ngati chathu, munthu akadya kanyenya wa mbuzi madzulo n'kudzuka pakati pa usiku atatupa, kodi timaganizako za nkhupakupa, kapena timayamba kuwerenga amene adakhala naye pafupi pomwa mowa? Maubale angati adasokonekera chifukwa cha mawu akuti "adamuthirira"?

Wina anena kuti yankho ndi kupima magazi basi. Ayi, si zophweka choncho. Ku Ghana ofufuza adapeza ana asukulu ambiri amene magazi awo ankaonetsa ngati mtedza umawawenga, chikhalirecho ankadya mtedza popanda chovuta. Chidasokoneza zotsatira ndi likodzo, chifukwa tinyongolotsi take tili ndi mtundu wa shuga wofanana ndi wa m'zomera. Ana osambira mu Zambezi ndi mu Revúbuè likodzo amalidziwa. Choncho pepala la ku labotale palokha lingathe kuchotsa zakudya khumi m'mbale ya mwana wabwinobwino. Chimene chimathandiza kwambiri sichifuna makina odula: kufunsa bwino. Adadya chiyani? Padapita nthawi yaitali bwanji? Zidachitikanso atadyanso? Ena amene adadya nawo adamva bwanji? Pamene pali chikaiko, dokotala amam'patsa wodwala chakudyacho pang'onopang'ono m'chipatala, mankhwala ali pafupi.

Tisanamizane kuti awa ndi matenda a azungu. Kafukufuku wa ku South Africa wofalitsidwa mu 2019 adapeza kuti mwa ana a chaka chimodzi mpaka zitatu, 25 mwa 1,000 a mumzinda wa Cape Town adali ndi ziwengo za chakudya, pomwe m'midzi ya ku Eastern Cape adali 5 okha mwa 1,000. Moyo wa m'tauni umabwera ndi zake. Tete adali ndi anthu pafupifupi 156,000 mu 2007, pofika 2017 adapitirira 300,000, malasha a ku Moatize atakoka anthu ochokera ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi kutsidya kwa malire. Kodi tidikire kuti ana afike kuchipatala atabanika kuti tivomereze?

Ndipo mantha asatibweze m'mbuyo pa chinthu chimene makolo athu ankachita bwino. Mu 2015 kafukufuku wa ana 640 ku London, wotsogoleredwa ndi Gideon Lack ndi George du Toit, adaonetsa kuti makanda amene adayamba msanga kudya mtedza wopera adapewa ziwengo zake ndi pafupifupi 80 mwa 100 poyerekeza ndi amene adamanidwa. Phala la nsinjiro mwana akakwanitsa miyezi isanu ndi umodzi ndi chitetezo, bola mwanayo asakhale kuti mtedza udamuwengapo kale, ndipo wa chikanga chachikulu ayambe waonedwa kuchipatala. Chiponde chimene chimadzutsa ana onyentchera n'chopangidwa ndi mtedza ndi mkaka waufa. Mayi woopsezedwa ndi mphekesera akachikana, tidzati wapulumutsa mwana?

Mafunso otsala akupita kwa amene ali ndi udindo. Kwa a Unduna wa Zaumoyo, MISAU: kodi chipatala chaching'ono chilichonse mumzinda muno chili ndi adrenaline wosatha mphamvu, ndipo namwino wa usiku amadziwa kuti jakisoni wake amabayidwa pantchafu msanga, osayamba ndi mapiritsi a ziwengo? Bwanji khadi la mwana la kusikelo lisalembedwe dzina la chakudya chenichenicho chimene chidamuwenga, pamodzi ndi zimene angadye? Kwa oyendera masitolo: mayiko a European Union amalamula kuti zakudya 14 zowenga anthu zizilembedwa moonekera papaketi, nanga mabisiketi ndi maswiti othyoledwa m'katoni n'kugulitsidwa limodzilimodzi pageti la sukulu, kholo lidziwa bwanji kuti muli mtedza? Kwa amayi okazinga badjia, nsomba ndi tchipisi m'mafuta amodzi, ndi osinja mtedza ndi ufa mumtondo umodzi, pempho n'lochepa: kasitomala akafunsa, muuzeni zoona. Ndipo kwa a sukulu ya zaumoyo ya UniZambeze imene ili mumzinda momwemuno: ziwerengero zambiri zimene tatchulazi zidachokera ku New York, ku London ndi ku Cape Town. Ndani ayenera kufufuza za kapenta, nzama, masau, malambe ndi ngumbi ngati si inu?

Inu makolo, mwana akawengedwa, chotsani chakudya chimene mwachiona ndi maso anu, ndipo zina zonse zimene amadya kale popanda vuto azidyabe. Musalowetse mkaka wa mbuzi m'malo mwa wa ng'ombe. Koma mukaona lilime kapena kukhosi kwatupa, mawu asasa, akupuma molira, akusanza mosalekeza kapena walefuka atangodya, musafune makala kapena mafuta omumwetsa, musadikire kuti kuche. Munyamuleni, pitani naye kuchipatala chapafupi nthawi yomweyo, ndipo mukafika nenani chimene wadya ndi nthawi imene wadyera.